Mawu Atatu a pa Mgonero: Mkangano wa Tanthauzo m'Chinyanja cha Mipingo ya ku Nyimba ndi Petauke

1. Chiyambi

Munthu wochokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa Kum'mawa akaoloka mlatho wa pa Luangwa amakwera mapiri n'kufika pa Kacholola asanalowe m'tauni ya Nyimba. Dera limeneli, lomwe kale lidali mbali ya boma la Petauke, ndi la Ansenga, ndipo chiyankhulo cha pakhomo ndi Chinsenga. Komabe Chikhristu chidafika kuno kwakukulu chikuyankhula Chinyanja. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State, omwe adayamba ntchito pa Magwero mu 1899, adatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914. Mpingo umene udabadwa m'ntchito yawoyo udatenga dzina loti Reformed Church in Zambia mu 1968. Ansembe a White Fathers adakhazika mishoni ya Minga pafupi ndi Petauke m'zaka za m'ma 1920. A Anglican a UMCA adali atafika kale pa Msoro, kumene wansembe Leonard Kamungu adagwira ntchito mpaka imfa yake mu 1913. Nawo a Mboni za Yehova adafalikira m'midzi yambiri ya chigawo cha Kum'mawa. Motero m'mudzi umodzi, ngakhale m'banja limodzi, mumapezeka anthu owerenga nkhani imodzimodzi ya chakudya chotsiriza cha Yesu koma namva zosiyana: ena akuti mkate wa pa guwa ndi thupi lenileni la Khristu, ena akuti ndi chizindikiro.

Cholinga cha nkhani ino si kugamula mlandu wa chiphunzitso, popeza umenewo uli ndi eni ake. Funso lathu ndi la chiyankhulo: kodi mkangano umene udabadwira m'Chigiriki ndi m'Chilatini umasanduka chiyani ukalowa m'malamulo a Chichewa? Tikugwiritsa ntchito mayina a Chichewa ndi Chinyanja mosinthanitsa, monga momwe mabuku a mipingo amadutsira malire a Malawi ndi Zambia mosasintha.

2. Gwero la mkangano

Mpingo wa Katolika udanena poyera pa msonkhano wa Lateran wachinayi mu 1215, n'kubwerezanso pa msonkhano wa Trent mu 1551, kuti wansembe akanena mawu a Yesu pa mkate ndi vinyo, umkate ndi uvinyo wake umasandulika thupi ndi magazi a Khristu, ngakhale maonekedwe ndi kakomedwe zimatsala monga kale. Okonzanso mpingo a m'zaka za m'ma 1500 adakana chiphunzitsochi, koma adalephera kugwirizana okhaokha. Mu Okutobala 1529 Philip wa ku Hesse adaitanitsa Martin Luther ndi Huldrych Zwingli ku Marburg. Pa mfundo 15 adagwirizana 14, ndipo imene idawalekanitsa idali ya Mgonero.

Chofunika kwa ife n'chakuti otsutsana ndi Luther adaika phiphiritso pa mawu atatu osiyana a chiganizo chimodzi. Andreas Karlstadt adati chinsinsi chili pa mawu oloza, touto m'Chigiriki: Yesu ankadziloza yekha, osati mkate. Zwingli, potsatira kalata ya Cornelis Hoen wa ku Holland, adati chili pa mneni est, amene ayenera kumveka ngati significat, kutanthauza kuimira. Johannes Oecolampadius adati chili pa dzina lakuti thupi, lomwe likutanthauza chithunzi cha thupi. Titsata mawu atatuwa m'ndondomeko yomweyo.

3. Mawu oloza: ichi, ili kapena uwu

Womasulira m'Chingerezi alibe vuto pano, pakuti mawu ake oloza sasintha ndi dzina. Womasulira m'Chichewa alibe pothawira: mlowam'malo woloza ayenera kutenga mgwirizanitsi wa gulu lina la mayina. Mkate ndi wa gulu la Mu-Mi, ndipo mawu ouloza ndi uwu. Thupi ndi la gulu la Li-Ma, ndipo mawu oliloza ndi ili. Chinthu chosatchulidwa dzina chimalozedwa ndi ichi, wa gulu la Chi-Zi. Zisankho zitatuzi zonse zidachitikadi.

Buku Lopatulika la 1922, lomwe kumasulira kwake kudatsogozedwa ndi William H. Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland, lidasankha ichi pa Mateyu 26:26. Kusankha kumeneku n'kosamala kwambiri: ichi sichikunena ngati cholozedwacho ndi mkate kapena thupi, chikungoti chinthu chili m'dzanja la woyankhula. Buku Loyera la 1998, lomwe adamasulira pamodzi Akatolika ndi Apulotesitanti, lidasankha ili, kugwirizana ndi thupi. Baibulo la Dziko Latsopano la Mboni za Yehova lidatchula mkatewo dzina n'kuulozanso ndi uwu, kuti pasatsale chikayiko chakuti chinthucho chikadali mkate.

Wina atha kufulumira kunena kuti ili ndi chipambano cha Akatolika, popeza chiganizocho chatcha chinthucho thupi chisanafike n'komwe pa mneni. Maganizo amenewa sakulingalira kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Mchewa akamaonetsa mlendo chida chimene sakuchidziwa amati:

(1) Ili ndi khasu.
(2) Uwu ndi mtondo.

Mawu oloza akugwirizana ndi dzina lobwera pambuyo, ndipo palibe chiphunzitso chili chonse chobisika m'menemo. Chigiriki chimachitanso chimodzimodzi: touto sagwirizana ndi artos, mkate, koma ndi soma, thupi, ndipo pa mpata umenewu m'pamene Karlstadt adaponda. Choncho ili ndiye Chichewa chachibadwa, pamene ichi ndi Chichewa cha womasulira woyenda pang'onopang'ono ngati wodutsa pa ulalo wa mtengo umodzi. Ngakhale zili tero, khutu la womvera silisanthula malamulo a chiyankhulo. Womva ili amaona thupi, womva uwu amaona mkate.

4. Kamawu ndi

Apa m'pamene pagona nkhani. Choyamba tikumbuke kuti m'Chichewa muli ndi awiri amene amalembedwa mofanana koma amasiyana kamvekedwe. Ndi wolumikiza kapena woperekeza amatchulidwa mokweza, pamene ndi wonena chimene chinthu chili amatchulidwa motsitsa. Chiganizo ichi n'chothandiza m'kalasi:

(3) Mkate ndi vinyo ndi thupi ndi magazi.

Mwa ndi atatuwo wapakati yekha ndiye wotsika, ndipo ndi yekhayo amene adalekanitsa Luther ndi Zwingli. Wowerenga m'tchalitchi akaphonya kamvekedwe, chiganizocho chimangokhala mndandanda wa zinthu zinayi.

Chachiwiri, ndi ameneyu satenga mgwirizanitsi kapena chizindikiro cha nthawi. Tikafuna nthawi yakale timasamukira kwa mneni -li (udali mkate), tikafuna yam'tsogolo timapita kwa -khala (udzakhala mkate). Motero ndi sanena kuti chinthucho chidayamba liti kukhala chimene chikutchulidwacho, ndipo sanenanso ngati padachitika kusintha. Zotsatira zake n'zakuti mpingo uli wonse, ukafuna kulongosola chiphunzitso chake m'Chichewa, umasiya ndi n'kutola mneni wina:

(4) Mkate wasanduka thupi la Khristu.
(5) Thupi la Khristu lili mu mkate.
(6) Mkate ukuimira thupi la Khristu.
(7) Wolandira mkate mwa chikhulupiriro akudyetsedwa Khristu mwa Mzimu Woyera.

Chiganizo (4) ndi cha Katolika, (5) chikuyandikira Luther, (6) ndi cha Zwingli ndiponso cha Mboni za Yehova, zomwe zidaika mneni -imira m'Baibulo lawo momwe. Chiganizo (7) ndi cha John Calvin ndi Katekisma wa Heidelberg wa 1563, umene mpingo wa Reformed udalandira kwa amishoni ake. Katekismayu pa funso 78 amakana kuti mkate ndi vinyo zimasanduka, koma pa funso 79 amaphunzitsa kuti wokhulupirira amagawanadi m'thupi ndi m'mwazi wa Khristu mwa ntchito ya Mzimu. N'kulakwa tsono kuika Areformed a ku Hofmeyr kapena a ku Nyanje m'gulu la onena kuti Mgonero ndi chithunzi chabe, ngakhale Akhristu ena a mpingowo, pofuna kusiyana msanga ndi Akatolika, amayankha ndi mawu a chiganizo (6).

Mneni -sanduka ali ndi mbiri yakeyake. M'nthano kalulu kapena mkamwini amasanduka chinthu china, ndipo m'zikhulupiriro za kumudzi mfiti imasanduka fisi kapena kadzidzi. Koma kusanduka konseku n'kwa maonekedwe: mfitiyo imaoneka fisi, m'kati ikadali munthu yemweyo. Chiphunzitso cha Trent chikunena zotembenuza: maonekedwe atsala, za m'kati ndizo zasintha. Mkatekisti amene akugwiritsa ntchito -sanduka akubwereka mawu oyenera, koma ayenera kuwatembenuza chadodolido kuti anyamule katundu wake.

Tibwerere kwa ndi mwini wake. Akatswiri a ku Ulaya adagawa tanthauzo lake pawiri, lenileni ndi lophiphiritsa, ndipo mitundu yonse iwiri ilipodi m'Chichewa:

(8) Bambo wanga ndi mlimi.
(9) Mlendo ndi mame.

Palibe amene amva mwambi wa pa (9) n'kuganiza kuti mlendo ndi madzi a pa udzu. Koma taonani chiganizo chimene chingayankhulidwe pa tsiku lolonga ufumu:

(10) Uyu ndi Kalindawalo.

Kalindawalo ndi dzina la ufumu waukulu wa Ansenga a ku Petauke, monga Kalonga Gawa Undi kwa Achewa. Munthu amene akulozedwa pa (10) dzulo adali ndi dzina lina. Chiganizochi si chifanifani, popeza palibe amene angati munthuyo akungofanana ndi Kalindawalo kapena akungomuimira. Si chenicheni m'njira ya (8), popeza thupi lake ndi lomwe lija, ndipo aliyense akudziwa kuti amene adali ndi dzinalo adaikidwa m'manda. Komabe wolowa dzina amatenga malo a womwalirayo, ndi abale ake omwe: amene ankati amalume kwa malemu amatinso amalume kwa iye, ngakhale akhale wamng'ono kwa iwo. Audrey Richards adalongosola mwambo woterewu pakati pa Abemba, ndipo Ian Cunnison mu 1956 adaonetsa kuti ku Luapula mafumu amayankhula za zochita za makolo awo a dzina ngati adazichita iwo eni. Pakati pa Achewa, omwe ndi anansi a Ansenga chakum'mawa, ndi wa mtundu womwewu amamveka pa bwalo la gule wamkulu, pomwe chotuluka ku dambwe chimatchedwa chilombo, ndipo kuchitcha munthu ndi mlandu.

Ndi wachitatuyu ali ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba, mawuwo sangofotokoza zimene zilipo kale koma amachititsa zimene akunenazo, monga J. L. Austin adaonetsera za mawu ena m'buku lake la 1962. Chachiwiri, mphamvu yake imadalira woyankhula ndi bwalo. Mwana akanena chiganizo (10) pa masanje palibe chimene chachitika, koma akachinena akuluakulu a mbumba pa bwalo loyenera, ufumu walowa. Mkatolika wa m'mudzi wotalikira parishi amadziwa bwino kusiyana kumeneku. Lamulungu lina mkatekisti atha kuwerenga nkhani ya chakudya chotsiriza m'Baibulo, mkate osakhala Ukaristia, koma wansembe akafika n'kunena mawu omwewo pa guwa anthu amagwada. Lamulo lakuti mawu amalemera malinga ndi mwini wake silidachokere ku Roma lokha, lidali kale pa bwalo la mfumu.

Sitikunena kuti ndi wachitatuyu akutsimikiza chiphunzitso cha Katolika. Kunena zoona, akuchiperewera. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri ena a Katolika, monga Edward Schillebeeckx, adayesa kufotokoza Ukaristia ngati kusintha kwa tanthauzo ndi cholinga cha mkate, maganizo amene akufanana ndithu ndi kulowa dzina. Papa Paulo VI m'kalata yake Mysterium Fidei ya 1965 adati kufotokoza kotero pakokha n'kosakwanira. Kumbali inayo, ndi yemweyu akupitirira malire a Zwingli, popeza wolowa dzina si chithunzi cha malemu. Maganizo athu ndi akuti womvera wa ku Kacholola, amene adakula akumva ni wa Chinsenga ndi ndi wa Chinyanja akugwira ntchito zitatu zonsezi, sakakamizidwa ndi chiyankhulo chake kusankha pakati pa ziwiri zija. Amene amamukakamiza kusankha ndi katekisma.

5. Thupi, mnofu ndi magazi

Chigiriki chili ndi mawu awiri: soma, amene ali m'nkhani ya chakudya chotsiriza, ndi sarx, amene ali m'mutu 6 wa Yohane, pomwe Yesu akunena za kudya iye mwini. Buku Lopatulika lidamasulira onse awiri ndi mawu amodzi, thupi. N'zosavuta kuona ubwino wa kusankha kotero. Mawu ena amene akadatha kugwira ntchito ndi nyama kapena mnofu, ndipo kudya nyama ya munthu ndi ntchito ya mfiti. Max Marwick, amene adafufuza pakati pa Achewa a chigawo chomwechi cha Kum'mawa n'kusindikiza buku lake mu 1965, adalemba kuti anthu ankasiyanitsa mfiti yeniyeni, yofukula mitembo kuti idye, ndi mpheranjiru, wopha chifukwa cha chidani. Mlaliki wonena kuti Akhristu amadya mnofu wa munthu ndi kumwa magazi ake ankayenda m'mphepete mwa phompho. M'zaka za m'ma 1930, kumpoto kwa Northern Rhodesia, ansembe ena a White Fathers adanenedwa kuti ndi banyama, anthu opopa magazi. Luise White, m'buku lake la 2000, adapeza kuti mphekeserazo zidakhudza kwambiri nkhani za ntchito ndi malipiro kuposa chiphunzitso cha Misa, komabe zikutionetsa mmene mawu akuti magazi ankalemerera m'makutu a anthu.

Chodabwitsa n'chakuti Baibulo la Mboni za Yehova ndilo lidalimba mtima kulemba mnofu pa Yohane 6. Mwina sichodabwitsa kwenikweni: amene wanena kale kuti zonsezi n'zophiphiritsa saopa mawu akuthwa, pamene amene amakhulupirira kuti akudyadi amafuna mawu ofatsa.

Thupi ndi mawu ofatsadi, ndipo ali ndi mwayi wina: amanena za munthu wamoyo. Wakufa amatchedwa mtembo kapena maliro, ngakhale masiku ano thupi limamvekanso pa maliro ngati mawu aulemu. Pa magazi mabuku akusiyananso. Buku Lopatulika lili ndi mwazi, pamene Buku Loyera ndi mapemphero a Katolika ali ndi magazi. Kwa ambiri a ku Zambia magazi ndiwo mawu a kuchipatala ndi a pa bala, pamene mwazi udatsalira m'nyimbo ndi m'mapemphero a mipingo imene idakula ndi Baibulo la 1922. Kusiyanaku kudabadwa ndi madera a chiyankhulo, koma lero kukugwira ntchito ya chiphunzitso mosayembekezeka: Mpulotesitanti ali ndi mawu apadera a magazi opatulika, Mkatolika akutchula magazi a Khristu ndi mawu omwewo amene amatchulira magazi a iye mwini.

Za mkate tingonenapo pang'ono. Kale mkate chidali chakudya cha ufa wa chimanga wosakaniza ndi nthochi, osati cha tirigu. Buku Loyera lidasankha buledi, amene ndi wa gulu la Mu-A ndipo amalozedwa ndi uyu. Malamulo a Katolika a 1983, pa nambala 924, amalola ufa wa tirigu ndi vinyo wa mphesa basi. Ngati mkate ukungoimira thupi, chakudya china chitha kuimiranso. Ngati ukusanduka thupi, funso la ufa wake limakula.

6. Mayina a mwambo

Mayina amene mipingo idapatsa mwambowu ndiwo amaphunzitsa anthu ambiri kuposa mafunso a katekisma. Areformed amati Mgonero wa Ambuye, kuchokera ku chakudya chamadzulo chimene munthu amagonera, ndipo amati kudya Mgonero. Dzinali likuika mwambowo pa mphasa ya banja, ndipo chilango chachikulu cha mpingo n'kuletsa munthu kudya nawo, chimene m'mudzi chimamveka msanga: wosadya nawo mbale imodzi ndi wopatulidwa. Akatolika adabwereka Ukaristia ndi Misa, koma adawonjeza mawu enieni a makolo, nsembe, ndipo mtsogoleri wa mwambo adatchedwa wansembe. Sanena kudya koma kulandira. Nsembe ya makolo idali ufa ndi mowa zothiridwa pa kachisi kapena patsinde pa mtengo, ndipo Ansenga a kwa Kalindawalo amakumbukirabe kupereka kotere pa mwambo wa Tuwimba. Amishoni a Reformed, amene funso 80 la katekisma wawo limatsutsa Misa mwamphamvu, adapewa mawu a nsembe pa Mgonero, ndipo mtsogoleri wawo ndi mbusa.

A Mboni za Yehova amati Chikumbutso. Amachichita kamodzi pa chaka, pa tsiku lolingana ndi Nisani 14 pa kalendala ya Chiyuda, ndipo mkate ndi vinyo, zomwe amazitcha zizindikiro, zimadutsa m'manja mwa osonkhana ambiri popanda wodya, popeza amaphunzitsa kuti oyenera kudya ndi otsala a 144,000 okha. Apa phiphiritso lafika pamapeto pake. Koma ngakhale mawu akuti kukumbukira, amene mipingo yonse imawapeza pa Luka 22:19, si opepuka m'Chichewa monga momwe Zwingli akadafunira. Achewa akamafulula mowa wa bona pokumbukira womwalira, sakumbukira munthu amene kulibe: mzimu wake ukuyesedwa kuti uli pomwepo ndipo ukulandira gawo lake. Chikalata cha ku Lima cha 1982, chimene bungwe la World Council of Churches lidatumiza ku mipingo, chidayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi pofotokoza mawu a Chigiriki anamnesis ngati kukumbukira kumene kumabweretsa chokumbukiridwacho pakati pa okumbukira. Tanthauzo limeneli akatswiri a ku Ulaya adachita kulifukula m'mabuku akale, pamene wofulula mowa wa bona ali nalo m'chizolowezi.

7. M'kalasi

Ana a ku Nyimba ndi Petauke amaphunzira Chinyanja kusukulu, popeza ndicho chimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia lidasankha, ngakhale Chinsenga chili ndi mabuku ake kuyambira kale, monga Chinsenga Handbook ya A. S. B. Ranger ya 1928, ndipo mu 2016 chidalandira Chipangano Chatsopano chomasuliridwa mwatsopano. Mphunzitsi akafika pa mutu wa zifanifani ndi zining'a kawirikawiri amapatsa ana mizere iwiri, wa tanthauzo lenileni ndi wa tanthauzo lobisika, n'kuwauza kuti aike chiganizo chili chonse m'mzere wake. Ziganizo (8) ndi (9) zimalowa mosavuta. Chiganizo (3) chitha kugawa kalasi potsata mipingo ya makolo, ndipo mphunzitsi amene angachonge yankho limodzi n'kukhwatcha linalo ndiye kuti waphunzitsa katekisma wa mpingo wake m'nthawi ya Chinyanja. Njira imene tikuiona yoyenera ndi kuyamba ndi chiganizo (10), chimene mwana wa Katolika, wa Reformed ndi wa Mboni onse amachimva mofanana, n'kuwafunsa anawo kuti achiike m'mzere uti. Akalephera, ajambule mzere wachitatu, ndipo apeze okha ziganizo zina za m'mudzi mwawo zoyenera kulowamo: zimene zimanenedwa polonga ufumu, pomanga ukwati pamaso pa ankhoswe, ndi popatsa khanda dzina la agogo ake.